Injini yatsopano, mabuleki akale

Kuthamanga sikufika, adatero akuluakulu. Mawuwa awamvetse eni magalimoto a matola onyamula mbatatesi ndi kabichi pa Biriwiri, mumsewu wa M1 ku Ntcheu.

Kusintha injini si mlandu. Ku Britain, chipangireni Colin Chapman kagalimoto kopepuka ka Lotus Seven mu 1957, okonda liwiro akhala akulumikiza okha timagalimoto totere, tolemera pafupifupi makilogalamu 500, n'kuikamo injini zamphamvu. Koma akatero, amasinthanso mabuleki, matayala ndi masipuling'i kuti zifanane mphamvu.

Kwathu kuno zimasiyana. Munthu amagula injini yogwirapo kale ntchito ku Japan, makaniko n'kuyiika m'chiphakasa cha pikapu, mabuleki ndi matayala ali omwe aja. Kenako amayi ndi ana amakwera pamwamba pa matumba. Pamtsetse, chopulumutsa anthuwa ndi mabuleki, osati injini.

Tikupempha a Road Traffic ndi apolisi apamsewu kuti aziunika bwino galimoto iliyonse yosinthidwa injini. Nanunso eni magalimoto, ndalama ikakwana ya injini yokha, galimotoyo iyambe yaima.