GALIMOTO SI NKHANU: AMAKANIKO GWIRANI TEPI

Abale anga a m'mbali mwa nyanja, nkhaniyi ena iwawawa koma ndiyankhulabe. Tsiku lina taimani pamsewu wa M5 muziyang'ana kumbuyo kwa mapikapu akale onyamula usipa, ma Peugeot 504, ma Nissan 1400 ndi anzawo. Muona ena akuyenda chammbali ngati nkhanu, mutu uku matako uko. Mukafunsa mwini wake, akuti amakaniko anandiuza kuti ndi ukalamba. Bodza limenelo! Ukalamba umadya mabushi, inde, koma mabushi amasinthidwa. Chikuyendetsa galimoto chammbali ndi difu yomangidwa mosayeza.

Ine ntchito yanga ndi mainjini a maboti. Mwana aliyense wa msodzi amadziwa kuti Yamaha ukaimanga mopendekera kumbuyo kwa boti, botilo limakokera mbali imodzi, mkono n'kutopa tsiku lonse. Difu nayo n'chimodzimodzi. Ndiyo imakankha galimoto, ndipo kumene yaloza n'kumene matako amapita.

Pamagalimoto amenewa difu imakhala pa masipuling'i osanjikiza aja. Pakati pawo pamadutsa senta bawuti, mutu wake n'kulowa m'kabowo ka pampando wa difu, kenako ma U-bolt amafinya zonse pamodzi. Kamutu kameneko ndiko kamauza difu pokhala. Nde taonani zimene zimachitika m'magalaja ena. Senta bawuti yaduka, munthu akutola bawuti iliyonse pansi, mutu wochepa, ukugwedera m'bowo. Wina akuwotcherera mpando wa difu poyeza ndi diso. Winanso akumanga sipuling'i chotembenuza, osadziwa kuti pamasipuling'i ambiri senta bawuti sikhala pakati penipeni, mbali yakutsogolo imakhala yaifupi. Mapeto ake tayala likukhula bodi.

Mumati sentimita imodzi ndi chiyani, eti? Tiwerengere limodzi. Masipuling'i awiriwo amatalikirana pafupifupi mita imodzi. Mbali imodzi ikabwerera m'mbuyo ndi sentimita 1, pa mamita 2.5 a pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, galimoto yapatuka kale ndi masentimita 2.5. Dalaivala amakhalira kulimbana ndi chiwongolero, matayala amadyeka mbali imodzi, mafuta nawo akupita. Tsono senzani madengu a nsomba mpaka pamwamba, mvula ikugwa, mukutsika Khwekhwelere, mupondeko mabuleki mwadzidzidzi. Kumbuyoko kwakhala amayi athu a geni. Zimenezo si zoseweretsa.

Ena amati ingopitani ku alayimenti. Madala, amene amangokonza matayala akutsogolo akuwongolerani chiwongolero basi, difu ikadali yokhota. Mwapaka penti pa thabwa lowola.

Kuyeza kwake sikufuna kompyuta. Imikani galimoto pa simenti yosalala, mpweya wofanana m'matayala. Mangirirani nati ku chingwe, mutsitse kuchokera pa mabawuti ogwira masipuling'i ku chasisi kutsogolo, komanso kuchokera kumapeto onse awiri a difu, muzilemba ndi choko pansi. Yezani kumanzere, yezani kumanja, kenako mopingasa ngati X. Manambala azigwirizana. Yezaninso kuchokera ku chasisi kufika ku tayala mbali zonse ziwiri kuti muone ngati difu ili pakati. Osayezera ku bodi, bodi ya galimoto yakale inamenyedwa nyundo kambirimbiri. Mabawuti a mabushi muzimanga komaliza galimoto itatsika pa jeke, itaima ndi kulemera kwake. Ma U-bolt otha mazinga tayani, ndipo atsopanowo mukawafinyenso mukayenda maulendo angapo oyamba.

Akuluakulu a m'magalaja, ulemu wanu ndimaudziwa, ambiri tinaphunzira kugwira sipanala kwa inu. Koma diso si tepi, olo mutakhala ndi zaka 30 pa ntchito. Mmisiri wokhoma boti amakoka chingwe pa msana wa boti asanakhome thabwa loyamba, ndipo palibe amamuseka.

Inu eni magalimoto, musanalipire funsani funso limodzi: kumanzere mwapeza zingati, kumanja zingati? Akakuyankhani kuti bwana musadandaule ili bhobho, bwezani ndalama m'thumba mpaka tepi ituluke.

Tumizani ku magulu a madalaivala ndi amakaniko. Amene yamukhudza asakwiye, akagule tepi.