Mayi wopulumuka khansa akamaiwala, ayezedwe

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidati m'chaka cha 2022 amayi 2.3 miliyoni adapezeka ndi khansa ya m'mawere. Kuno kwathu, odwala nthendayi amathandizidwa pazipatala monga Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Gulupu ku Blantyre, ndipo ena akubwerera kwawo atapeza bwino. Izi n'zoyamikika.

Koma pali vuto lina limene ena mwa amayiwa amabwerera nalo kunyumba, lomwe silikambidwa. Mayi amene ankawerengera chenje pamtima pabenchi yake ya tomato amayamba kusokoneza ndalama. Ndiwo zimapserera pamoto, tsiku la banki m'khonde limadutsa osalikumbukira, dzina la mnzake wakale limathawa pakamwa.

Apa ndi pamene achibale amalakwitsa. Ena amati walodzedwa, ena amati mutu wayamba kuzungulira, pomwe bambo wapakhomo amaganiza kuti ndi mwano. Chonsechotu madokotala akulidziwa vutoli. Limatha kudza ndi mankhwala a chemotherapy, kuchepa kwa magazi, kusowa tulo, nkhawa komanso kusiya kusamba msanga. Ena amalidandaula ali pamapilitsi monga tamoxifen, omwe amamwedwa kwa zaka 5 mpaka 10. Ambiri amapeza bwino pakapita miyezi, koma kwa ena limatenga zaka.

Njira zoyezera zilipo. M'chaka cha 2011, gulu la akatswiri lotchedwa International Cognition and Cancer Task Force lidalimbikitsa mayeso atatu: kukumbukira mawu 12 amene munthu wawerengeredwa, kulumikiza manambala ndi zilembo papepala, komanso kutchula mwachangu mawu oyamba ndi chilembo chimodzi.

Chovuta n'chakuti mayesowa adapangidwa m'Chingerezi, ndipo ena amafuna munthu wodziwa kuwerenga. Mayi amene sukulu adalekezera Sitandade 3 akhoza kulephera mutu wake uli bwinobwino. Winanso akhoza kukhoza m'chipinda chabata cha dokotala, koma n'kumavutika m'phokoso lapamsika. Choncho mawu a mwini wake ndi ofunika chimodzimodzi ndi zapapepala.

Mpofunika kuti unduna wa zaumoyo ndi sukulu ya ukachenjede ya Kamuzu University of Health Sciences akonze mafunso oterewa m'Chichewa, Chitumbuka ndi Chiyao. Koma anamwino sayenera kudikira zimenezo. Kufunsa mayi wobwera ku sikelo yake ngati akuiwalaiwala sikufuna makina ochokera kunja, ndipo kuyeza magazi kumatheka pachipatala chapaboma.

Nawo amayi asachite manyazi, pajatu wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Afotokoze zonse, koma asasiye mankhwala popanda kuuzidwa ndi dokotala. Ngati kuiwalako kwadza ndi litsipa losatha, kusanza, kukomoka kapena kufooka mbali imodzi ya thupi, athamangire kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa mwina khansa yafika kuubongo.

Pakhomo napo pali ntchito. Kope lolembamo ngongole, belu la pafoni lokumbutsa nthawi ya mankhwala, mpata wogona mokwanira komanso kuyendako pang'ono tsiku lililonse zimathandiza. Mayi amene walimbana ndi khansa mpaka kuigonjetsa asataye geni yake kapena banja lake chifukwa cha vuto loti likhoza kuyezedwa ndi kuchepetsedwa.