Aphunzitsi ndi Zithunzi za ku Maramba

Alendo ofika ku Livingstone amajambula mathithi a Mosi-oa-Tunya ndi ulalo wa 1905, nabwerera kwao. Msika wa Maramba, kumene eni mzinda agula ndiwo, saujambula kawirikawiri. Mzindawu unali likulu la Northern Rhodesia kuyambira 1911 kufikira 1935, ndipo zithunzi zambiri za nthawiyo anajambula ndi azungu.

Lero kamera ili m'foni, filimu sifunikanso. Cofunika ndi mphunzitsi wodziwa kufulatira dzuwa pojambula, kupempha cilolezo asanajambule mwana wamwini, ndi kufunsa akuluakulu mbiri ya malowo, nalemba maina ndi tsiku. Koleji ya David Livingstone, yosula aphunzitsi mumzindamo, iyenera kuyambitsa maphunziro otere, ndipo Livingstone Museum isunge zimene ana a sukulu adzajambula.