Za Malamulo ndi Umoyo: Wothyoka Msana pa Mseu wa Kafue Asafulumire Kusaina

Tauni ya Kafue ili pa mtunda wa makilomita pafupi-fupi 45 kumwera kwa Lusaka, ndipo mseu waukulu umapyola pakati pake. Munthu akaoloka ulalo wa mtsinje wa Kafue nayenda pang'ono, amafika pa mphambano ya Turnpike pomwe mseu umagawikana pawiri. Wina umapita ku Mazabuka ndi ku Livingstone kupyolera m'mapiri a Munali, winawo umatsikira ku Chirundu kudzera pa zitunda za Kapiringozi. Usana ndi usiku malole olemera, mabasi, maminibasi ndi njinga zonyamula makala zimapanikizana pa mseu umodzimodziwo. Ngozi ikacitika, wailesi imachula ciwerengero ca akufa. Za iwo amene apulumuka ali othyoka msana sizimveka kawiri-kawiri, cikhalireco ndiwo amene abale ao adzawanyamula ndi kuwasambitsa zaka zonse zotsala.

Msana wa munthu ndi timafupa 33 tosanjikizana: 7 m'khosi, 12 kumbuyo kwa cifuwa, 5 m'ciuno, ndi totsalato kunsi kwake. M'kati mwa timafupati mumadutsa cingwe cofewa ca mitsempha cocokera ku ubongo, cimene cimalamulira manja, miyendo, cikhodzodzo ndi matumbo. Fupa likathyoka limalumikizikanso, koma cingweci cikaduka madotolo alibe njira yocilumikizira, ngakhale m'maiko olemera. Wovulala kunsi kwa khosi angafe miyendo, ndipo wovulala m'khosi angafe manja ndi miyendo yomwe. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linalengeza m'caka ca 2013 kuti anthu oyambira 250,000 kufikira 500,000 amavulala motere caka ciliconse, ambiri a iwo pa ngozi za pamseu ndi pa kugwa.

Anthu ena amalemala cifukwa ca manja a owathandiza. Anthu acifundo amathamangira pamalo a ngozi, namukoka wovulala m'galimoto, wina atagwira mikono wina miyendo, namukhazika pa mpando wa minibasi. Pamenepo fupa lothyoka limasuntha ndi kutswanya cingwe cimene cinali cikali bwino. Wovulala akadandaula za kuwawa m'khosi kapena pamsana, akamva dzanzi, kapena akalephera kugwedeza zala, asakhazikidwe tsonga ndipo asamwetsedwe madzi. Munthu mmodzi agwire mutu kuti usatembenuke, ena atatu kapena anai amunyamule nthawi imodzi ali woongoka, namugoneka pa citseko kapena pa thabwa. Kumucotsa mofulumira kumayenera pokha-pokha ngati pali moto kapena madzi. Apolisi amaitanidwa pa lamya ya 991. Cipatala ca Kafue General ndico cili pafupi, ndipo ovulala kwambiri amatumizidwa ku cipatala cacikulu ca UTH mu Lusaka.

Wodwalayo akatuluka m'cipatala, nchito yaikulu imayambira kunyumba. Munthu wosamva kanthu m'thupi amatuluka zilonda m'matako ndi m'zidendene cifukwa cogonera mbali imodzi, ndipo zilondazi pamodzi ndi matenda a m'cikhodzodzo ndizo zimapha ambiri. Dotolo Ludwig Guttmann, amene anatsegula cigawo ca othyoka msana pa cipatala ca Stoke Mandeville ku England m'caka ca 1944, anaonetsa kuti wodwala wotembenuzidwa maola awiri alionse, usiku womwe, angakhale ndi moyo zaka zambiri. Kusamala kotere kumadya ndalama. Pamafunika matiresi ofewa, njinga ya olemala, timapaipi ta mkodzo, sopo, ndalama ya galimoto yopita ku cipatala kukaongoletsa ziwalo, kukulitsa khomo la nyumba ndi kumanganso cimbudzi. Pamwamba pa izi, mkazi, mai kapena mwana wamkulu amasiya munda kapena msika kuti akhale naye. Malipiro a ngozi ayenera kupimidwa ndi zinthu zonsezi, za lero ndi za zaka zakutsogolo.

Lamulo la pamseu la m'caka ca 2002, lochedwa Road Traffic Act, limene linakhazikitsanso bungwe la RTSA, limalamula kuti galimoto iliyonse yoyenda pamseu ikhale ndi inshuwalansi yolipira anthu ena amene ingawavulaze kapena kuwapha. Conco wovulala ali ndi danga lokapempha malipiro ku kampani ya inshuwalansi ya galimoto yolakwayo. Komabe ndalama zimene kampani imalonjeza zimakhala ndi malire olembedwa pa pepala, ndipo nthawi zambiri malirewo ndi ocepa poyerekeza ndi zosowa za munthu wofa miyendo. Zopitirira pamenepo zimafunsidwa kwa woyendetsa ndi kwa mwini galimoto, pakuti wolemba nchito amayankha mlandu wa kusasamala kwa dalaivala wake ngati ngoziyo inacitika ali pa nchito.

Mabanja ambiri amasoceretsedwa pa mfundo imodzi. Apolisi akatengera dalaivala ku khoti cifukwa coyendetsa mosasamala, mlanduwo ndi wa pakati pa Boma ndi dalaivalayo. Faindi imene amalipira imalowa m'thumba la Boma, ndipo kawiri-kawiri wovulala salandirako ngakhale ngwee imodzi. Mlandu wa malipiro ndi wina wapadera, ndipo suyamba wokha. Wovulala kapena womuimira ndiye ayenera kuuyambitsa.

Mlandu woterewu umaima pa mapepala, ndipo mapepalawo amasonkhanitsidwa kuyambira tsiku loyamba. Wacibale wodziwa kulemba alembe nambala ya galimoto, dzina la dalaivala ndi la mwini wake, dzina la kampani ya inshuwalansi, tsiku, nthawi ndi malo a ngozi, ndiponso maina a mboni ndi kumene zikhala. Atenge lipoti la ngozi ku polisi, pamodzi ndi fomu ya apolisi imene dotolo amalembapo mabala a wovulala. Zithunzi za X-ray, makadi a kucipatala ndi malisiti onse, ngakhale a basi, zisungidwe m'cikwama ca pulasitiki pamalo osafika ciswe kapena mvula. Mboni zimasamuka ndipo zimaiwala, koma colembedwa cimakhalabe.

Lamulo limaikanso nthawi. Malinga ndi Caputala 72 ca malamulo a Zambia, mlandu wa kuvulazidwa cifukwa ca kusasamala kwa munthu wina uyenera kulowa m'khoti pasanathe zaka 3. Makalata olemberana ndi kampani ndiponso malonjezo a pakamwa a mwini galimoto saimitsa nthawiyi. Banja limene lingodikira "bwerani mwezi wamawa" lingadzazindikire zaka zitatha, khomo la khoti litatsekeka.

Kufulumira nakonso kuli ndi msampha wake. Kawiri-kawiri mwini galimoto kapena mthenga wake amafika pambali pa bedi m'cipatala atanyamula thumba la ufa, shuga ndi ndalama pang'ono, napempha kuti nkhani ithe mwa cibale. Kupepesa ndi mwambo wabwino, ndipo banja losauka lingalandire thandizolo popanda manyazi, nililemba pa pepala pamaso pa mboni. Coopsa ndi kusaina kapena kudinda cala pa kalata yonena kuti wovulala walipidwa zonse ndipo sadzafunsanso kanthu. Kalata yotere, kaya yacokera kwa mwini galimoto kaya ku kampani ya inshuwalansi, imavuta kwambiri kuimasula pambuyo pake. Madotolo amafuna miyezi ingapo kuti adziwe ngati miyendo idzadzukanso, ndipo wosaina sabata loyamba amagulitsa cinthu cimene sanadziwe mtengo wake. Akulu-akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Khoti poweruza limayang'ana ululu umene munthu wamva, msinkhu wake, ndalama zimene anali kupeza, zimene wataya kale ndi zimene zidzafunika pomusamala m'tsogolo. Mlimi, msodzi wa pa mtsinje wa Kafue ndi mai wogulitsa pa msika nawonso ali ndi phindu lowerengeka, ngakhale alibe pepala la malipiro a pamwezi. Khoti lingacepetsenso malipiro likapeza kuti wovulalayo analakwirapo, monga kusamanga lamba wa pa mpando kapena kukwera pamwamba pa katundu wa lole. Milandu ya ndalama zocepa imazengedwa kwa majisitireti, ndipo ya ndalama zambiri, monga ya kulemala kwa moyo wonse, imapita ku Khoti Lalikulu mu Lusaka.

Wosauka sayenera kuopa mtengo wa loya. Bungwe la Boma la Legal Aid Board linakhazikitsidwa kuti lithandize osowa ndalama, ndipo amai ndi ana angapitenso ku National Legal Aid Clinic for Women. Kampani ya inshuwalansi ikazengereza kapena kukana popanda cifukwa comveka, dandaulo lipite ku Pensions and Insurance Authority, imene imayang'anira makampaniwa. Dalaivala, kondakita kapena wolongeza katundu amene wavulala ali pa nchito ali ndi khomo linanso ku Workers' Compensation Fund Control Board, ndipo wolemba nchito ndiye ayenera kudziwitsa bungweli za ngoziyo. Wolemala alembetsenso dzina ku Zambia Agency for Persons with Disabilities, ndipo banja likafunse ku ofesi ya Social Welfare pa boma za thandizo la ndalama la mabanja osowa.

Anyakwawa, atsogoleri a mipingo ndi aziphunzitsi a m'midzi yozungulira Kafue angathandize kwambiri pa nkhaniyi. Banja limene lili ndi wodwala pa bedi limakhala losokonezeka maganizo, ndipo limafuna munthu wodekha woti awerenge kalata iliyonse mokweza, aitanthauzire m'Cinyanja, ndi kuitengera kwa wodziwa malamulo cala cisanadindidwe.