Malo si matemba

Ine ndine wa kwa Mwambo, kufupi ndi doko la Kachulu, ndipo ndili ndi mlandu ndi inu anzanga a m'tauni amene Loweruka lililonse mumatsetsereka ndi galimoto kudzafunsa "kapuloti kotchipa". Musanaturutse ndalamazo, tayang'anani kutsidya kwa nyanja ya Chirwa. Uko ndi ku Mozambique, ndipo zimene mwayambazi anzathuwo anaziona kale.

Dziko lija litalandira ufulu mu 1975, boma la Samora Machel linati nthaka yonse ndi ya boma. Mu 1976 linalandanso nyumba za lendi, ndipo anthu wamba analowa m'nyumba zosanja za mu Maputo. Koma chipani cha Frelimo chitasiya sosholizimu mu 1989, boma linayamba kugulitsa nyumbazo motchipa. Ambiri odziwana ndi akuluakulu anasankha zabwino n'kuyamba kuchititsa lendi m'madola. Lamulo la malo la 1997 likunenabe kuti nthaka sigulitsidwa. Nanga bwanji mapuloti akugulidwa tsiku ndi tsiku? Papepala amalemba kuti wagula kanyumba ndi mitengo ya mango, pamene aliyense akudziwa kuti bwanayo akufuna dothi. Umu ndi mmene amphawi a ku Polana Caniço akusunthidwira kunja kwa mzinda, mipanda yaitali ikumera pamene panali nyumba za bango.

Ku Tete, komwe kuli abale athu olankhula Chinyanja, malasha a ku Moatize anasamutsa mabanja oposa 1,300 mu 2009 ndi 2010. Ambiri anakaikidwa ku Cateme, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, kutali ndi msika, pa nthaka yosabereka. Mu 2012 anatseka njanji chifukwa cha mkwiyo. Kampani ya Vale inagulitsa mgodiwo mu 2022 n'kuchoka. Anthu aja ali komweko.

Ku Zambia nkhani ndi yomweyo. Mu 1975 a Kaunda anati nthaka payokha ilibe mtengo. Mu 1995 boma la a Chiluba linasintha lamulolo, ndipo mu 1996 linagulitsa nyumba za khonsolo kwa okhalamo. Anthu anaomba m'manja. Koma khonsolo ya Lusaka inataya ndalama za lendi, ndipo anyamata a zipani anasanduka ogawa mapuloti, mpaka pa malo osiyidwa kuti ana azisewerapo.

Mudzati, "Ife sitinakhalepo pa sosholizimu, Kamuzu sankafuna n'kumva komwe." Zoona. Koma mphepo imene inaomba kwa anzathuwo ndi imene inatipeza mu 1994, ndipo ufulu ambiri tinaumva ngati chilolezo chogulitsa chilichonse. Zomba inakhala mzinda mu 2008. Chinamwali, Matawale ndi Chikanda zadzaza, tsono maso atembenukira kuno kumunsi, njira ya ku Jali.

Kwathu kuno munda ndi wa mbumba. Mwinimbumba amangousunga, mkamwini amangolimapo. Ndiye amene wakugulitsaniyo ndani? Kawirikawiri ndi malume amene afuna njinga yamoto, ndi mfumu imene yalandira "ya sopo" n'kudinda kalata. Alongo ake amadzadzidzimuka poona njerwa zikutsitsidwa m'munda wa chimanga. Inu mumati mwagula mwachilungamo. Chilungamo chanji chogula kwa munthu amene si mwini?

Ndipo musaiwale kuti munda ndiwo pothawira pathu. Nyanjayi inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato anagona pamatope. Matemba akasowa, msodzi amabwerera ku khasu, kapena ku mpunga wa pa sikimu ya Likangala. Mukamulanda kamundako apita kuti? Abwera kwa inu komweko, kudzagona m'khonde la sitolo, inu n'kumadandaula kuti akuba achuluka. Mtsinje wa Likangala umatibweretsera kale zonyansa za mzinda wanu. Tsopano mufuna kutsata madziwo ndi mipanda?

Sindikuti mzinda usakule. Ana athu nawo akufuna magetsi, msewu ndi ntchito. Koma ukule poyera, osati mwa kunong'onezana kuseri kwa nyumba ya mfumu. Lamulo la malo a makolo la 2016 linakhazikitsa makomiti a malo m'midzi, ndipo mwa anthu 6 osankhidwa, osachepera 3 ayenera kukhala amayi. Komiti imeneyo ikhale pabwalo, mbumba yonse imve. Makhonsolo a Zomba aonetse mapu: apa nyumba, apa minda, apa dambo losakhudzidwa. Lamulo lokhala m'kabati silitchinjiriza munthu. La ku Mozambique lija ndi lokoma kuwerenga, koma mipanda ikumerabe.

Inu ogula, funsani amayi a pamudzipo musanalipire. Safunsa anadya phula. Ndipo inu amalume, matemba mukagulitsa lero mawa mukokanso ena, koma munda wa mlongo wanu ukapita, wapita.