Liwiro la pa foni ndi msewu wa ku Kanakantapa

Mkangano uwu ndaumva mokwanira. Ndaumva pamalo otsukira galimoto ku Chongwe, ndaumva pamaliro anyamata ataima kuseri kwa khola akudikira nsima, ndipo sabata yatha unandipezanso m'basi yochokera ku Lusaka. Funso lake silisintha: munthu ukapata ndalama, galimoto yaliwiro yoti ugule ndi iti? Ena amati ya ku Germany basi, BMW M3 kapena Mercedes C63. Ena amati Subaru. Zikatero mafoni amatuluka m'matumba. Uyu akuonetsa kanema wa galimoto ikuuluka pamsewu wa ku Ulaya, uyo akuwerenga masekondi amene imatenga kuti ifike pa 100. Amakangana mpaka mawu kusasa, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene amafunsa kuti galimotoyo izidzagona kuti usiku, ndipo izidzadutsa njira iti kuti ikafike pogonapo.

Langa ndineneretu. Kwa munthu amene kwawo ndi ku Kanakantapa, kapena amene amabwera kuno kudzaona makolo ndi munda, galimoto yaliwiro yomwe ili ndi nzeru ndi Subaru Impreza WRX. Mitsubishi Lancer Evolution ndi mnzake wa mtundu womwewo, kungoti anasiya kuipanga ndipo masipeya ake ayamba kuvuta. Za ku Germany ndi galimoto zabwino zimene anazipangira dziko lina.

Tiyambe ndi msewu, poti ndi umene anyamata a mafoni amauiwala. Ukachoka ku Lusaka pa Great East Road uli pa tala, inde, koma tala wake ndi wa mizere iwiri yokha, wodzaza ndi mathiraki opita ku Chipata ndi ku Malawi, mabasi, njinga za makala, ndi mabampu pamalo alionse pamene pali msika. Ukakhota kulowera kuno, nkhani imasintha. Kanakantapa ndi dera la minda limene boma linatsegula kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kuti achinyamata osowa ntchito m'tauni apeze polima, ndipo njira zolowa m'mapuloti ndi za dothi. M'chilimwe zimachita mizeremizere ngati lata, galimoto n'kumanjenjemera mpaka mano kugundana. Mwambo wa Chakwela Makumbi ukangodutsa, mvula n'kuyamba, njira zomwezo zimasanduka phala, ndipo matayala a ngolo ndi a Canter amasiya ngalande ziwiri, pakati patatukuka mtumbira.

Mtumbira umenewu ndiwo woweruza mlandu wonse. Chaka china mu February tinali ndi chinkhoswe pamudzi, ndipo mmodzi mwa alendo anabwera ndi galimoto yakuda ya ku Germany, yotsika, yonyezimira, marimu ake aakulu ndipo matayala opyapyala ngati lamba. Anayenda pang'ono chabe kuchoka pa tala. Tinangomva kuti khwee! pansi, bampala yakutsogolo italuma dothi. Anayesa kubwerera m'mbuyo, matayala akumbuyo n'kumangozungulira pamalo amodzi akumwaza matope. Mwini wake anatsika, nsapato zake zosongoka zikumira, n'kugwada kusuzumira pansi. Ndinaona nkhope yake pamene anapaka chala pa dontho lakuda limene linali pansi pa injini n'kulinunkhiza. Anamaliza ulendo ali kumbuyo kwa Canter, atakhala pathumba la chimanga pamodzi ndi amayi oimba, ndipo galimotoyo inagona pomwepo, mnyamata wina atalipidwa kuti ailondere. Sindinamuseke, chifukwa ndalama zimene zinali kudontha pamenepo anazivutikira.

Tsono Subaru. Galimoto imeneyi mbiri yake inapangidwira pa fumbi. Impreza WRX inatuluka mu 1992, ndipo mu 1995 Colin McRae anatenga nayo ukatswiri wa dziko lonse wa mipikisano ya rally, imene mbali yaikulu imachitikira m'misewu ya dothi ndi miyala. Mitsubishi inayankha kudzera mwa Tommi Mäkinen, amene anapambana zaka zinayi zotsatizana kuyambira 1996 mpaka 1999 ndi Lancer Evolution. Koma sitifunikanso kupita kutali. Zambia ndi dziko la rally, ngakhale ana ambiri a masiku ano sadziwa. Satwant Singh anakhala katswiri wa Africa yonse kasanu ndi katatu. Muna Singh anatenga chikho chomwecho mu 2004 ndi 2005, Mohammed Essa mu 2012, ndipo Jassy Singh mu 2013, atatu onsewa ali mu Subaru Impreza. Anapambana pa dothi longa lathuli, pa fumbi lofiira limene timalidziwa. Mundiuze chikho cha Africa chimene C63 inabweretsa kuno.

Ndikudziwa kuti galimoto ya mpikisano si yofanana ndi imene umaitanitsa ku Japan. Ya mpikisano amaikweza, amaimangira zitsulo m'kati, amaiveka chitsulo pamimba. Koma mafupa ake ndi omwewo, ndipo ndi amene amagwira ntchito kuno. Matayala onse anayi amakoka, kotero limodzi likaterereka ena amaitulutsa. Injini yake ndi yogona chafulati, masilinda awiri uku awiri uku, zimene zimachititsa kuti kulemera kukhale pansi, galimoto isamayendeyende pokhota. Ndipo WRX zakale zimalola marimu a 16 ndi tayala lokhala ndi mnofu, loti likamenya dzenje limameza nkhonyayo m'malo moipereka ku rimu. Chitsulo choteteza sampu akhoza kukuwotcherera amisiri a ku Kalingalinga tsiku limodzi.

Kuiyendetsa kwake ndiye kumene ndimalephera kufotokozera munthu amene sanakhalepo pa chiwongolero chake. Ikangolira uli chiimire imagunda bu-bu-bu-bu, ngati ng'oma ya kutali usiku. Ukaponda, poyamba imakhala ngati ikuganiza, kenaka turbo imadzuka ndi kamluzu, msana wako n'kumatirira kumpando. Pa dothi chiwongolero chimakuuza zonse: pano pali mchenga, apa pauma, apa tayala lakumanzere layamba kusambira. Mizere ya lata ija imene imagwedeza galimoto zina mpaka kuzipatutsa, iyo imaidutsa ili chilili. Ndipo chimene ndimaikondera kwambiri n'chakuti kukoma konseku umakumva uli pa 60 kapena 70. Sufunika kufika pa liwiro lopha munthu kuti udziwe kuti wagula galimoto.

A mbali inayo ali ndi mfundo zawo, ndipo ndi zachidule. Amati mphamvu: M3 ya mtundu wa E46 ili ndi horsepower 343, C63 ya injini ya malita 6.2 imapitirira 450, pamene WRX STI ya ku Japan ya nthawi ya E46 inkalembedwa 280. Amati liwiro: galimoto yochokera ku msika wa ku Japan imabwera itatsekeredwa pa 180, pamene ya ku Germany imafika pa 250. Amatinso ulemu: ukaima nayo pa East Park anthu amatembenuka. Zonsezi n'zoona. Koma 250 imeneyo ukaiponda kuti? Pakati pa toll gate ya Chongwe ndi Rufunsa, kumene mbuzi imadumphira mumsewu osachenjeza? Kapena m'makona a Manenekela? Ku Germany kuli misewu ina yopanda malire a liwiro, ndipo galimotozi anazikonzera kumeneko. Kugula mphamvu imene sudzaigwiritsa ntchito n'chimodzimodzi kumanga nkhokwe ya matumba 500 uli ndi munda wa ekala imodzi.

Pali chimodzi chimene ndiwavomereze ndi mtima wonse. Paulendo wautali wa pa tala wabwino, tinene wopita ku Livingstone, galimoto ya ku Germany ilibe mnzake. M'kati muli zii, mpando umakugwira bwino, umafika thupi lili lako. Subaru pa ulendo wotere imakusokosa m'makutu, ndipo m'kati mwake ndi mwa pulasitiki wamba. Munthu wokhala ku Kabulonga, amene tayala lake silidziwa dothi, agule zimene mtima wake ukufuna. Ena adzatinso Audi ndi Golf R nazonso zimakoka ndi matayala onse anayi. Zoona, ndipo Audi ndiyo inatchukitsa zimenezi mu rally kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Koma za masiku ano zimabwera zitagwada pansi, zitavala matayala opyapyala aja, ndiye mtumbira wathu suzisiyanitsa ndi zinzake.

Galimoto sumangoiyendetsa, umakhala nayo ngati munthu wa pabanja, ndipo apa mpamene mkangano wa pa foni umathera. Msonkho wa ZRA umayang'ana kukula kwa injini: ya WRX zambiri za ku Japan ili pansi pang'ono pa 2000 cc, ya M3 ipitirira 3200, ya C63 ipitirira 6200. Mtengo wa petulo bungwe la ERB linayamba kuuunika mwezi ndi mwezi mu 2022, ndipo injini ya masilinda asanu ndi atatu sidziwa kuti mwezi uno zinthu zavuta. Koma chachikulu ndi tsiku limene yadwala. Mu Lusaka muli ma Forester, ma Legacy ndi ma Impreza wamba ambirimbiri, ndipo zitsulo zambiri za kumiyendo zimalowana. Makaniko amene anatsegulapo injini ya Subaru umamupeza osavutika, ndipo akhoza kukwera basi n'kukupeza kuno ndi bokosi lake la masipanala. Galimoto ya ku Germany ikayatsa nyali pa dashibodi imafuna kompyuta yoidziwa, ndipo kachitsulo kakang'ono kakafa umadikira kuti kachokere ku Johannesburg, galimoto ili pamiyala, nkhuku zikuikira pansi pake. Tayala la 19 likang'ambika Loweruka madzulo ku Chongwe, ukalipeza kwa yani?

Sindikunena kuti Subaru ndi mngelo. Walira mvula walira matope. Imamwa petulo kuposa mmene kukula kwake kumaonetsera. Imafuna oilo wabwino pa nthawi yake, ndipo ukaunyalanyaza turbo imapita, injini n'kutsatira. Injini zina za malita 2.5 zimadziwika ndi vuto la gasiketi. Matayala amafunika kuti onse anayi akhale ofanana, apo ayi umapweteka zitsulo zogawa mphamvu, choncho chizolowezi chathu chogula limodzi la salaula lero, lina mwezi wa mawa, sichigwira. Kusintha mapulagi kokha makaniko amatukwana, poti ali m'mbali mothinana. Choopsa kwambiri n'chakuti WRX zambiri zimene zikugulitsidwa zadutsa m'manja mwa anyamata amene anazikamula mpaka kutsala makoko: kunja penti waphuliphuli, m'kati muli nyerere. Komabe mavuto onsewa ndi oti munthu wosamala amawapewa, ndipo akagwa amakonzeka konkuno. Kutsika kwa galimoto ya ku Germany sungakupewe ndi chisamaliro.

Akuluakulu ena akawerenga izi apukusa mutu. Adzati zonsezi n'zachibwana, munthu wa ku Kanakantapa agule Hilux kapena Canter yonyamula tomato kupita ku msika wa Soweto, zotsalazo akumbitse mjigo. Sindingatsutsane nawo, ndipo amene alibe galimoto ya ntchito ayambe wamvera iwowo. Koma mtima wa munthu sukhala ndi matumba a tomato okha. Alipo ana athu amene agwira ntchito, amanga nyumba, ndipo akufuna chinthu chimodzi chowasangalatsa. Ndi amenewo ndikulankhula nawo.

Ndipo poti ndaikira kumbuyo Subaru, ndili ndi ufulu wodzudzula eni ake. Ena mwa inu mwatinyansa. Mumadutsa pa sukulu ana akuweruka, fumbi kobo, mukudziyesa a Muna Singh. Iwo aja ankathamanga pamsewu wotsekedwa, atavala chisoti, pali anthu oimitsa ngolo ndi ng'ombe, ambulansi ili pafupi. Njira ya kwathu ndi ya mayi wosenza mtolo wa nkhuni amene sangatembenuke msanga, ndi ya mwana wa giredi 2 amene amathawira mbali imene simukuiyembekezera. Kukoka kwa matayala anayi kumathandiza ponyamuka, koma poima pa dothi galimoto iliyonse imatsetsereka chimodzimodzi. Amene magazi akumuwira apite ku Zambia Motor Sport Association akafunse mmene amalowera mpikisano. Leroy Gomes ndi mkazi wake Urshlla anabweretsanso chikho cha Africa mu 2022, ndiye khomo lake silinatsekedwe.

Mwana wa mlongo wanga, amene amagwira ntchito ku migodi, anandiimbira mwezi watha. Anati, "Amalume, ndapeza ziwiri, WRX ndi ya ku Germany, mtengo wake ukufanana. Nditenge iti?" Ndinamufunsa ngati akufuna kuti izidzafika pakhomo pa amayi ake mu January. Anakhala chete pang'ono, n'kuseka. Ndinamuuza kuti WRX imeneyo asailipire asanaione m'mawa injini ili yozizira, aone mtundu wa utsi umene ikutulutsa, atsegule pothira madzi aone ngati mulibe mafuta, ndipo aikweze pa garaji ayang'ane pamimba ngati sinamenyedwepo. Akubwera nayo pa Khirisimasi. Ndamuuza kale kuti akafika pa sukulu atsike pa giya yachiwiri, ndipo ulendo woyamba anyamule agogo ake kupita nawo kutchalitchi.