Sondo imodzi chabe, londolani njila ya mathilaki

Imwe anyamata a mothobaiki ku Heavy Industrial Area, nikufunsenkoni. Kuchokela Mande mpaka Chiwelu muli pa Mungwi Road, mwakhota pa Buyantanshi, mwaloŵa mu Lumumba, kumbuyo mwamanga maspeya ya bwana olo chakudya cha kasitoma wa ku Kabulonga. Honda yanu iziŵa dindi iliyonse ya mu tauni. Manje ni liti pamene inakupelekani kumalo kumene mtima wanu weka ufuna?

Mathilaki yamene yatichingila njila pa mageti ya mafakitale, yambili yangena mu Zambia kupitila pa Chirundu. Katundu wake timatsitsa, timanyamula, timagulitsa, koma njila yamene wabwelela sitiiziŵa. Ni makilomita pafupifupi 135 chabe kuchoka mu Lusaka. Ukanyamuka 6 koloko m'mawa, uona mitsinje iŵili ikuluikulu, Kafue na Zambezi, ndipo nsima ya usiku udyela pa nyumba.

Tsikani na Lumumba mpaka mungene mu Kafue Road. Pa Sondo m'mawa mseu uli mbee, mabasi yakalibe kuuka bwino. Mukapita Makeni mufika pa Chilanga. Fakitale ya simenti ija muona pambali pa mseu si ya dzulo: kampani yake inayamba mu 1949, ndipo simenti yake inamangako damu ya Kariba. Pitani Shimabala, ndipo pa makilomita pafupifupi 45 mwafika mu Kafue.

Apa osathamanga. Kafue nayo inali tauni ya anchito monga ise. Nitrogen Chemicals of Zambia, ya fataleza, inatsegulidwa mu 1970, ndipo Kafue Textiles inali kuluka nsalu mpaka makina yanazima. Khalani pansi na mdala mmodzi pa kantemba, mumugulile tiyi, mufunse mwamene zinalili. Wanchito wa mu fakitale afunika kumvela nkhani ija na makutu yake, chifukwa geti yamene uloŵa lelo siinalonjeze kuti izakhala yotseguka muyayaya.

Mtsinje wa Kafue weka muupeza kutsogolo pang'ono. Buliji ya njanji ya pa mtsinje uyu inamangidwa mu 1906, pamene Lusaka inali kasaiding'i chabe ka sitima. Ndipo madzi yaja muona yayenda mwa ulesi, ambili a ise timayamwa: pa Iolanda yamapopedwa, yamayeletsedwa, yakwela na mipaipi mpaka mu Lusaka. Mukatsegula pompi ku Kabwata, kumbukilani Kafue. Azimai ogulitsa nsomba pambali pa mseu muzaŵapeza, koma gulani pobwelela. Nsomba yoyenda nayo ku Chirundu na kubwela nayo, olo galu wa pa nyumba azaikana.

Mukaoloka buliji mufika pa Turnpike, pamene mseu ugaŵikana. Kumanja ni kwa Mazabuka na Livingstone. Imwe londolani wa ku Chirundu. Kutsogolo muzaona kamseu kopatuka kuyenda ku Kafue Gorge, kumene kuchokela mbali ikulu ya malaiti yamene yazungulutsa makina ya ku nchito kwanu.

Manje mvelani bwino, apa ndiye pali nkhani. Mseu uyamba kutsika mapili kuyenda ku chigwa cha Zambezi. Kukongola kwake nikosakamba: mapili pamwamba pa mapili, mitengo mpaka kumene maso yalekezela. Koma malo ena paja anthu anayacha Kapiri Ngozi, ndipo dzina ija siinabwele mwa nthabwala. Thilaki yolema ikataya mabuleki pa mtsetse, siifunsa kuti ndiwe mwana wa ndani. Tsikani na giya yaing'ono, osagwililila buleki njila yonse mpaka ipye. Osakhala kutsogolo kwa thilaki yotsika, ipatseni njila ipite. Osapitilila pa kona yamene simuona kutsogolo. Ndipo mukafuna kujambula, imani pamalo poonekela patali, muchoke mu tala.

Pansi pa mapili mphepo isintha. Kupya, milambe ikuluikulu, mbuzi zodutsa mseu mosapempha. Ana agulitsa mabuyu, ndipo nthawi ya masau muzadzaza chikwama na ndalama zing'ono. Pafupi na mphambano ya ku Siavonga pali Chirundu Fossil Forest, mitengo yamene inasanduka miyala zaka mamiliyoni zapita. Ukaiona uganiza ni chipika cha nkhuni, ukaigogoda ni mwala. Ni malo yotetezedwa na boma, so kamwala kaja kasiyeni pamene mwakapeza.

Mseu wa ku Siavonga uja upita ku Lusitu, kumene Atonga ambili anasamutsidwila pamene madzi ya Kariba yanamiza midzi yawo. Kufupi na kumeneko kuli Ing'ombe Ilede, pamene mu 1960 anchito okumba anapeza manda yakale muli golide, mkuwa na mikanda yochokela kutali. Malonda pa Zambezi yanayamba kale, mathilaki yakalibe kubadwa. Koma uko kusungileni ulendo wina. Kufuna kuona vonse tsiku imodzi ndiye kubwelela mu mdima.

Pa Chirundu muzapeza mabuliji yaŵili. Yakale, Otto Beit Bridge, yolenjekeka pa nthambo zachitsulo, inatsegulidwa mu 1939. Yatsopano inatha mu 2002, ndipo mu 2009 malile aya yanakhala oyamba mu Africa kumene mapepala ya maiko yaŵili uthela pamalo yamodzi. Tsidya lija ni Zimbabwe. Yang'anani mndandanda wa mathilaki, madilaiva aphika nsima pansi pa tilela. Mawa mukaona imodzi pa geti ya fakitale, muzaziŵa thukuta yamene yabwela nayo. Pa malile funsani musanatulutse foni kujambula. Ndipo olo kupye bwanji, osangena mu madzi. Ng'ona na mvuu ndiye eni ake a Zambezi.

Vokonzekela ni ivi. Chiwelu madzulo onani matayala, mabuleki, cheni, oilo na malaiti. Helemeti yomanga pachibwano, ya wokwela kumbuyo nayo. Laisensi, inshuwalansi na mapepala ya RTSA mu thumba. Dzazani thanki mu Kafue, nyamulani madzi yakumwa yambili. Yendani aŵili olo atatu, ndipo uzani munthu pa nyumba kumene mwayenda. Ngati honda ni ya kampani, pemphani, osaiba ulendo, mungataye nchito chifukwa cha Sondo imodzi. Moŵa usiyeni, uzakulindilani ku Chelstone.

Ikakwana 14 awazi, yambani kubwelela. Mapili yaja mufunika kuyakwela dzuŵa likalipo. Pa Kafue muime, mugule nsomba ija, amai ku nyumba aone kuti simunayende chabe.